Capacitor ya mu sipika ija ndaimvetsa tsopano

Mtima wakhala m'malo. Chithunzi chija cha mzere wa 100 V, wa masipika ochenjeza anthu moto ukabuka m'nyumba zikuluzikulu, ndinkatha kuchijambula osayang'ana m'buku: sipika iliyonse ili ndi capacitor kutsogolo kwa thiransifoma yake, ndipo kumapeto kwenikweni kwa nthambo kuli resistor imodzi yokhayokha. Kujambula ndinkatha, kulumikiza ndinkathanso, koma chifukwa chake sichinkalowa m'mutu. Tsopano chalowa, ndipo ndikufuna ndichilembe chisanazirale.

Za 100 V, njira yolumikizira masipika ambiri ku amplifier imodzi, sindibwereza, anzanga a zamagetsi mukuzidziwa. Mukudziwa kuti sipika yoikidwa pa tap (polumikizira pa thiransifoma posankhira mphamvu) ya 10 W amplifier imaiona ngati 1,000 ohm, ya 6 W ngati 1,667 ohm, ndiponso kuti masipika onse amakhala mu parallel. Nkhani yagona apa: manambala amenewo ndi a AC yokha, magetsi osinthasintha mbali, ndiwo amene amanyamula mawu. DC, magetsi oyenda mbali imodzi, ikafika pa thiransifoma ija sipezapo 1,667 ohm ayi. Imangopeza waya wa kopa wokulungidwa, wa resistance yochepa kwambiri. Ndiye mutaika masipika 40 pa mzere umodzi opanda capacitor n'kutumizamo DC, makina oyang'anira mzere angaone ngati mzere wonse wachita shoti, chonsecho palibe chimene chalakwika. Ntchito ya capacitor ndi imeneyo basi: mawu adutse, DC isadutse. Sipika iliyonse ikakhala ndi yake, kwa DC masipika onse 40 aja kulibe. Chotsala ndi mawaya awiri ndi resistor ya kumapeto.

Apa m'pamene mutu unatseguka. Makina oyang'anira mzere samvetsera masipika. Amatumiza DC m'nthambo n'kumangofunsa funso limodzi usana ndi usiku: kodi nthambo ikufikabe kumapeto? Zili ngati kutuma mwana ku nyumba yomaliza ya m'mudzi, nyumba zina zonse zitatseka zitseko. Akabwera ndi yankho la kumeneko, mwadziwa kuti njira yonse ikudutsika. Tiyerekeze kuti resistor ndi ya 10 kilo-ohm. Makina akamawerenga pafupifupi 10 kilo-ohm, zinthu zili bwino. Khoswe akadula nthambo kudenga, resistor sionekanso, nambala imakwera mpaka kusawerengeka, nyali ya fault, yosonyeza vuto, imayaka. Mawaya awiri akakhudzana, nambala imagwera pafupi ndi ziro. Nthambo ikasupuka n'kukhudza chitsulo cholumikizidwa ku earth, makina amaziyezanso padera, poti mzere wa 100 V umayenera kukhala wosakhudzana ndi earth. Zonsezi zikudziwika popanda sipika ndi imodzi yomwe kulira. Ndipo nyimbo kapena chilengezo chikamamveka, DC ija ikuyendabe m'mawaya omwewo mwakachetechete, ku mbali ya amplifier nakonso itatchingidwa kuti isalowe mu thiransifoma ya kumeneko.

Ndikubwereza chifukwa chikundisangalatsa: nthambo imodzi, zinthu ziwiri, chilichonse chikuona mzere wakewake. Mawu akuona masipika 40, resistor ya 10 kilo-ohm ija saiwerengera n'komwe poti pa 100 V imangodya 1 W. DC ikuona resistor yokha, masipika osawaona.

Chifukwa chovutikira chonchi nachonso chandimvekera. Sipika ya horn ya pa tchalitchi kapena pa mzikiti ikasiya kulira, tsiku lomwelo anthu adandaula, wina akwera makwerero. Koma sipika ya pa masitepe othawira moto imatha kukhala chaka chathunthu osalankhula, ndipo tsiku limene ikufunika ndi tsiku loti simungakaikonze. N'chifukwa chake EN 54-16, muyezo wa ku Ulaya wa 2008 wa makina a voice alarm, ochenjeza anthu ndi mawu, umafuna kuti fault ionekere pasanathe masekondi 100. Ku America, kumene amagwiritsa ntchito 25 V kapena 70.7 V, muyezo wa NFPA 72 umapereka masekondi 200. Ndipo mawu a munthu amaposa belu. Moto wa pa siteshoni ya King's Cross ku London mu 1987 utapha anthu 31, ofufuza Guylène Proulx ndi Jonathan Sime anakayesa pa siteshoni ya Monument ku Newcastle, n'kupeza kuti belu lokha anthu ambiri ankangolinyalanyaza, pamene akauzidwa momveka chimene chachitika ndi kolowera ankanyamuka msanga. Ndiye ngati anthu adalira mawu, nthambo yonyamula mawuwo isaduke mobisa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti m'kalasi tinaphunzitsidwa njira zonse ngati mndandanda woloweza: impedance monitoring, DC monitoring, pilot tone, loop. Aphunzitsi analemba mayina pa bolodi, tinakopera, nthawi inatha. Palibe amene anatiuza kuti tenga multimeter, yeza thiransifoma ya sipika pa ohm, uone wekha kuti si 1,667. Ndi chinthu cha mphindi zochepa, ndipo chikanatsegula kalasi yonse. Sindikuwada aphunzitsiwo, silabasi ndi yaitali ndipo zipangizo zoyesera n'zochepa, koma ma diagram okhaokha samuphunzitsa munthu chifukwa. Tsono mayeso akuyandikira, ntchito ya masana ikudya nthawi, kuwerenga kumakhala kwa usiku maso atalemera, ndiye munthu umangoloweza kuti ukhoze. Ukafika pamalo a ntchito, nyali ya fault ikuyaka, zoloweza zija sizikuuza pokagwira.

Impedance monitoring ndinaimvetsa nditakhala pansi ndi calculator. Makina amatumiza tone pa mzere, kawirikawiri ya pamwamba ngati 20 kHz imene makutu a ambiri saimva, amayeza impedance (ma ohm amene AC imaona) tsiku loika, n'kumayerekeza ndi ya tsiku lililonse. Zikumveka zanzeru, poti sizifuna capacitor kapena china chilichonse kumapeto. Koma werengani nokha. Masipika 40 a 6 W ndi 240 W, kutanthauza 41.7 ohm. Nthambo iduke sipika yomaliza isanafike: 234 W, 42.7 ohm. Kusiyana kwake sikukwana 3 peresenti. Pamene kopa yekha amasintha resistance pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo kudenga kwa malata mwezi wa Okutobala masana ndi usiku mukudziwa mmene kumasiyanirana. Onjezaninso nthambo yeniyeniyo. Tiyerekeze ili ndi 100 pF pa mita, yaitali mamita 500: ndi 50 nF, imene pa 20 kHz imakhala ngati 159 ohm yoikidwa mu parallel ndi masipika. Ndiye woika makina amakakamizika kukulitsa malire a kusintha kololedwa kuti nyali isamangoyakayaka, ndipo akakulitsa malire, masipika angapo akumapeto amatha kuchoka makina osadziwa. Pa mzere waufupi wa masipika ochepa imagwira bwino. Pa mzere wautali sindingaikhulupirire.

Kwa ine DC ndi resistor ndiye njira, zinazo zimabwera pambuyo. Kusiyana kwa 10 kilo-ohm ndi nthambo yoduka si kwa maperesenti, n'koonekeratu, kaya kutenthe kaya kuzizire. Ndipo fault yake umaifufuza ndi multimeter wamba: masula mzere ku amplifier, dula pakati pa bokosi lolumikizira, yeza mbali iyi ndi iyo, kumene resistor siikuoneka ndi kumene kuli vuto, gawanso pakati. Njira ya pilot tone yokhala ndi end-of-line module (kachipangizo koika kumapeto kwa mzere), monga ya Bosch imene imamva tone ya 20 kHz kumapeto kwa mzere, funso lake ndi lomwelo la kumapeto, ndipo sifuna ma capacitor. Koma module ija ndi ya kampani imodzi, ikafa uyenera kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja. Resistor imapezeka paliponse pogulitsa zida za wailesi.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala, ndipo zonse zimachokera pa mfundo imodzi yomweyo. Choyamba, kukula kwa capacitor. Ili mu series ndi sipika, ndiye ndi high-pass filter, imadula mawu a pansi a besi. Ya 1 µF pa sipika ya 6 W imayamba kudula pa 95 Hz, mawu a munthu sakhudzidwa. Yomweyo pa horn ya 30 W, ya 333 ohm, imadula pa 478 Hz, mawu amaonda. Sipika yaikulu imafuna capacitor yaikulu, yopanda polarity, yopirira kuposa 141 V imene ndi nsonga ya 100 V. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chimandiopsa, ndi nthambi. Munthu akabwera kudzaonjezera sipika mu ofesi yatsopano, n'kungodula pakati pa mzere kupanga T, nthambi imeneyo palibe akuiyang'anira. Iduke lero, resistor ya kumapeto ikuonekabe, nyali siyaka. Nthambo iyenera kulowa mu sipika n'kutulukamo kupita ku inzake mpaka kumapeto. Makina ena amalola nthambi zingapo, iliyonse ndi resistor yake: ziwiri za 10 kilo-ohm zimawerengeka 5, imodzi ikasowa nambala imabwerera ku 10. Ndipo resistor yoikidwa mu kabati kumbuyo kwa amplifier kuti nyali izime, chinthu chimene n'chosavuta kuchita munthu akatopa, chimapha cholinga chonse.

Za A ndi B, kusinthanitsa masipika pa mizere iwiri kuti wina ukafa malowo asakhale chete, n'zosavuta. Zimene zinandigwira mtima ndi ceramic terminal block ndi thermal fuse za m'masipika opangidwa motsatira BS 5839-8 ya ku Britain. Sipika ikapsa, fuse imaidula pa mzere, ceramic siisungunuka, mawaya sakhudzana, masipika a zipinda zina amalankhulabe moto uli mkati. Anthu anaganiza mpaka pamenepo.

Komabe pali pamene ndaima. Ngati kwa DC masipika kulibe, ndiye kuti voice coil, waya wokulungidwa wogwedeza sipika, ikapsa, kapena kawaya kakang'ono ka mkati mwa sipika kakathothoka, makina anenabe kuti zonse zili bwino. Nthambo ikufika kumapeto, koma chipinda chili chete. Impedance monitoring, imene ndainyoza pamwambapa, ndi imene ingathe kuona zimenezo pa mzere waufupi. Ndiye ndikudzifunsa ngati si bwino kugawa nyumba m'mizere yambiri ing'onoing'ono n'kugwiritsa ntchito njira zonse ziwiri, ngakhale nthambo ndi ma amplifier zichuluke, kapena kuvomereza kuti makina ayang'anire nthambo, munthu aziyenda ndi makutu ake chipinda ndi chipinda nthawi ndi nthawi. Ndipo nyumba yakale yokhala ndi masipika ambirimbiri opanda capacitor, ndikadzapatsidwa, kodi ndidzatsitsa iliyonse kudenga kuti ndiikemo capacitor, kapena ndidzangovomera module ya pilot tone ija? Madzi a dzinja akalowa m'bokosi la horn ya panja, resistance yaikulu ngati 10 kilo-ohm siichedwa kusokonezeka, ndipo nyali yoyakayaka popanda chifukwa anthu amasiya kuiyang'ana. Pamenepo mtima wanga ukadali ku DC, koma sindinganene kuti ndatsimikiza.