Mafupa a amayi anga

Mwezi wathawu amayi anaterereka kubafa, nathyoka dzanja pamfundo. Kugwa kwake kunali kochepa, koti mwana angodzuka n'kusasa fumbi. Atawajambula, adokotala anati mafupa awo ndi ofumbwa m'kati ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Ali ndi zaka 54 zokha, anasiya kusamba zaka zinayi zapitazo.

Anatifotokozera kuti mayi akasiya kusamba, homoni yotchedwa estrogen imatsika m'thupi, ndipo ndi yomweyo imene imateteza mafupa. Zaka zoyambirirazo ndiye mafupa amafooka mofulumira, mwakachetechete, opanda ululu. Ine mtima unandiwawa, chifukwa amayi akhala akudandaula za kutentha thupi usiku, ife n'kumangoti ndi ukalamba, osadziwa kuti ndi kutsika kwa homoniyi.

Pano awapatsa mankhwala obwezeretsa homoniyo, kachigamba komata pakhungu. Popeza chiberekero akadali nacho, awonjezera homoni ina yotchedwa progestogen, chifukwa estrogen payekha angayambitse khansa ya chiberekero. Asanalembe, adokotala anafunsa mosamala ngati anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko kapena kuundana kwa magazi m'mitsempha, poti oterowo sayenera kulandira mankhwalawa. Kafukufuku wa ku America wa 2002 wokhudza kuopsa kwa mankhwala a homoniwa anaopseza ambiri, koma zadziwika kuti kwa mayi wosakwana zaka 60 amene wangosiya kusamba, phindu kawirikawiri limaposa chiopsezo.

Anzanga, mankhwalawa si ogula pakauntala chifukwa chakuti mnzanu akumwa. Pitani nawo amayi anu akapimidwe. Dzulo ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa, dzanja lili m'chikhakha, akudya usipa ndi minga yomwe monga adokotala anawalangizira kuti mafupa alimbe.