Tabwerako ku Rosemont, ndipo Aphunzitsi, ngongole yanga kwa inu ndi yaikulu

Tafika bwino. Ana agona, zovala zili m'makina ochapira, ine ndakhala pampando wa kukhitchini mapazi atatupa. Mawa usiku ndikulowa ntchito, ndiye ndati ndilembe lero lomwe, chifukwa ndikadikira Loweruka ndiiwala ena oyenera kuwathokoza.

Amene mwakhala mukufunsa pa WhatsApp, ayi, chikho cha mpikisano wa kwizi umene mwana wanga anapitako ndi timu ya kusukulu kwawo sitinabwere nacho. Tinapambana masewero 4, tinagonja 4. Kuti timu ilowe m'ndime yachipulula ya Lamlungu imayenera kupambana 5 mwa masewero 8 a Loweruka. Tinaperewera amodzi okha, ndipo omalizawo anatipulumuka pa funso limodzi. Mwana wanga analira mu lifiti kuchokera pansi mpaka kuchipinda. Ine misozi inabwera mochedwa, lero pa msewu, ndipo sinali ya chisoni.

Abale a kumudzi amene mumangomva kuti mwana wapita ku kwizi, kumbukirani Top of the Class ya pa MBC ija tinkamvera tili ku sekondale. Koma iyi ndi ya ana a giredi 8 kutsika m'munsi, dziko lonse la America. Amakonza ndi a bungwe lolemba mafunso a kwizi lotchedwa NAQT, ndipo inayamba mu 2011. Matimu oposa 100, ena kuchokera ku Texas, ena ku California, onse kudzadza hotela ya Hyatt Regency O'Hare ku Rosemont, pafupi ndi bwalo la ndege la ku Chicago. Sungangopitako chifukwa wafuna. Timu imayenera kuthera m'gulu la 15 peresenti ya pamwamba pa mpikisano wina wogwiritsa ntchito mafunso a bungweli. Athuwa anachita zimenezo mu Januwale, ana anayi ndi aphunzitsi awo a sayansi amene amachita zimenezi popanda wowalipira.

Mukudziwa kale mmene chaka chino chatiyendera pakhomo pano. Opaleshoni ya msana ya bambo a ana mu Febuluwale, miyezi yonseyi osagwira ntchito, galimoto kufa injini sabata yomweyo. Sindibwereza. Sukulu inati ilipira ndalama yolembetsera timu, koma hotela, mafuta ndi chakudya makolo adzionere okha. Ndinawerengera kawiri pa envelopu ya bilu ya magetsi, ndipo ndinaganiza zomuuza mwana kuti anzake apite atatu.

Aphunzitsi, apa ndi pamene munalowerera. Amene simukuwadziwa, ndi bambo aja amakhala kumbuyo m'tchalitchi atavala chipewa, amene anaphunzitsa jogalafe kumudzi mpaka kupuma, kenako anabwera kuno ku South Bend, ku Indiana, kudzalera adzukulu. Tonse timangowaitana Aphunzitsi. Anandipeza pakhomo la tchalitchi ndikumanga mpango.

"Mayi, ndamva kuti mwana wathu akupita ku Chicago. Mwakonza zotani?"

"Aphunzitsi, sapita. Zinthu sizili bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mawu amenewo mwana asawamve. Ndipatseni masabata awiri."

Sindikudziwa zonse zimene munachita m'masabata awiriwo, ndipo mwakana kundiuza. Chimene ndinaona ndi chakuti Lamlungu lotsatira amayi a chigwirizano anali atayala tebulo la mandasi ndi samusa potuluka m'mapemphero, inu mutaima pambali ndi mbale, mukuitana anthu ndi mayina awo mmodzimmodzi kuti asazembe. Amayi anga a chigwirizano, zikomo. Mafuta ophikira munagula ndi ndalama zanu, ndikudziwa. A gulu lathu la chipereganyu amene munalola kuti ndilandire ine mwezi umene sunali wanga, makamaka achemwali amene munandisiyira malo anu, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Koma ndalama inali mbali imodzi chabe. Chimene Aphunzitsi anachita Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse m'chipinda chapansi cha tchalitchi ndi chimene chikundisowetsa tulo. Ma buzzer a sukulu, timabelu timene mwana amaliza akafuna kuyankha, amatsekeredwa ku sukulu konko, ndiye iwo anatenga makapu anayi achitsulo a m'khitchini ya mpingo ndi masupuni anayi. Wodziwa yankho amenye kapu. Mafunso akale amapezeka aulere pa intaneti, iwo ankapita ku laibulale pa basi kukasindikiza, n'kubwera nawo m'jumbo. Ana atatu enawo si Amalawi, ndipo tsiku loyamba ankaseka katchulidwe kawo ka Chingerezi. Aphunzitsi sanakwiye. Anangoti amene angamve ine angamve wowerenga aliyense. Pofika mu Epulo anawo ankapikisana kuwanyamulira jumbo ija.

Vuto la mwana wanga linali mantha. Masewerowa ali ndi msampha wake. Funso limene amalitcha tossup limayamba ndi mfundo zovuta, zimene amazidziwa ndi wowerenga kwambiri, n'kumapepuka pang'onopang'ono mpaka kumapeto kumene aliyense angayankhe. Ukaliza buzzer koyambirira n'kukhoza, umapata mapointi 15 m'malo mwa 10, ndipo timu yako imapatsidwa bonasi ya zigawo zitatu, mapointi 30 ikakhoza zonse. Koma ukadula wowerenga pakamwa n'kulakwa, amakuchotsera 5, ndipo anzako onse amatsekeredwa kunja kwa funso limenelo. Amati neg. Mwana wanga anapanga neg imodzi pa mpikisano wa mu Januwale ndipo kuyambira pamenepo chala chinauma. Ankadziwa yankho, milomo ikugwedera, koma osaliza, mpaka wa timu ina n'kutenga.

Ine ndinkamukalipira, ndivomere. Aphunzitsi ayi. Anaika lamulo lakuti pa maphunziro awo aliyense alakwitse kawiri asanapite kunyumba, wosalakwitsa atsuka makapu. Mwana wanga anatsuka makapu masabata atatu. Sabata yachinayi anabwera kunyumba akuseka, akuti amayi lero ndalakwa katatu. Ndinaganiza kuti bambo awa asokoneza mwana.

Lachisanu ndinatuluka ntchito 7 koloko m'mawa, usiku wonse ndikutembenuza odwala, ndipo masana tinanyamuka pa vani ya achimwene a ku kwaya. Achimwene, munatipatsa makiyi thanki ili yodzadza, osafunsa kanthu. Amayi a mnyamata wa masamu wa pa timuyi anayendetsa njira yonse, Indiana Toll Road mpaka kukazungulira Chicago, ine ndikusinza pa windo. Aphunzitsi anakhala kutsogolo ndi mapu a pepala pa maondo ngakhale foni inali ikulankhula, n'kumafunsa ana malikulu a mayiko. Ndi iwonso amene anatikumbutsa kuti ku Chicago nthawi ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kwathu kuno, apo ayi Loweruka tikanadzutsa ana usiku.

Sindinadziwe kuti tsiku la mafunso lingatopetse chonchi. Timu iliyonse imapatsidwa khadi la nambala, khadilo ndi limene limakuuzani chipinda chopita ndi nthawi yake. Masewero akatha wopambana amatenga khadi la nambala yabwino, wogonja n'kutenga linalo, motero mukamapambana mumakumana ndi akatswiri anzanu, mukamagonja mumakumana ndi ogonja anzanu. Ndiye tsiku lonse ndi kuthamanga m'makonde, kudikira lifiti, kufufuza chipinda. Aphunzitsi ali ndi shuga komanso bondo lowavuta. Ndinawachonderera kuti akhale pansi atidikire. Anati, "Mayi, ndakwera basi miyezi itatu kuti ndidzakhale pa sofa?" Anayenda nafe zipinda zonse zisanu ndi zitatu, n'kumakhala kumbuyo ndi kope lawo, akulemba funso lililonse limene ana aphonya.

Masewero achitatu ndi amene sindidzaiwala. Makolo timayenera kukhala chete, ngakhale kugwedeza mutu sikuloledwa. Wowerenga anayamba funso la mtsinje. Chiganizo choyamba chinadutsa, palibe woliza. M'chiganizo chachiwiri anatchula mtsinje wina umene umathira m'menemo, koma anautchula mwa Chingerezi, ngati "Shaya". Ine sindinamve n'komwe kuti akunena Shire wathu. Ndinangoona getsi la buzzer ya mwana wanga layaka. Anati, "Zambezi." Wowerenga anati 15. Cahora Bassa, Kariba, Victoria Falls, zonsezo zinali zisanatchulidwe. Ndinacheuka kumbuyo, Aphunzitsi ataphimba kukamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Titatuluka anandiuza kuti anawachenjeza anawo mu Malichi kuti azungu ambiri amautchula choncho, ndipo anawajambulira pa bolodi mmene Shire amachokera m'nyanja ya Malawi n'kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Mwana wobadwira ku Indiana, amene Liwonde anangomuona kamodzi ali ndi zaka zinayi.

Ndiye masewero omaliza aja. Tinali ndi 4 zopambana, 3 zogonja, nthawi ikutha, ife tili m'mbuyo pang'ono. Funso la sayansi. Mwana wanga analiza pakati pa funso, n'kulakwa. Anatichotsera 5, a timu inayo anadikira funso lithe, anakhoza, basi zinathera pomwepo. Pa khonde anzake anamukumbatira koma iye sankafuna kuona munthu. Ine ndinasowa chonena, ndipo mwina ndikanalankhula ndikanalakwitsa. Aphunzitsi anawerama ndi bondo lawo lija mpaka kufanana naye msinkhu, n'kumuuza m'Chichewa, chimene amachimva bwino kuposa mmene amachilankhulira: "Mdzukulu wanga, waliza. Mu Januwale ukanakhala chete." Anangonena zomwezo, n'kupita kukafuna madzi akumwera mankhwala.

Aphunzitsi, ine ndi mayi wake koma mawu amenewo ndinalibe.

Aphunzitsi a sayansi a ku sukulu, ndikudziwa simuwerenga Chichewa, mwana akumasulirani. Zikomo chifukwa cholola nkhalamba yachilendo kulowerera pa timu yanu popanda nsanje. Anzanga awiri a kuntchito amene munasinthana nane mashifiti, ndidzabweza pa Thanksgiving. Mlamu wanga amene munagona kwathu masiku awiri kusamalira achimwene anu ndi wamng'ono uja, ndapeza m'nyumba mwakolopa mpaka kuseri kwa firiji, mwandichititsa manyazi. Amayi anga ku Ntcheu, amene munasala kudya Loweruka ngakhale simunamvetse kuti mpikisanowo ndi wotani, ndamva uthenga wanu wa mawu, ndikuimbirani mawa.

Enanu amene munaika tizala ta "zili bwino" pa gulu kenako foni osayankhanso, palibe kanthu, tafika. Ndi inu amene munandiuza pamaso kuti ndalama zimenezi bola ndikanakonzetsera galimoto, galimotoyo ikadali pomwe ija, mukhoza kudzaiona. Sinditchula dzina.

Lamlungu linali tsiku la anakubala kuno, chifukwa iwo amakumbukira Lamlungu lachiwiri la Meyi, osati pa 15 Okutobala ngati kwathu. Tinadya mpunga ndi nkhuku zozizira za m'kula bokosi titakhala pabedi anthu asanu ndi awiri, kenako tinatsika kukaonerera matimu amene anatsala. Ana amenewo amaliza buzzer wowerenga asanamalize chiganizo choyamba, mpaka umadzifunsa ngati amagona. Mwana wanga anakhala pafupi ndi Aphunzitsi, onse awiri akunong'onezana mayankho, iye akumenya bondo lake ndi chala pamene akanaliza.

Ambuye, munationa pamene envelopu ija inkakana kukwana. Asungireni bambo awa, muchiritse bondo lawo, shuga atsike, adzaone adzukulu awo akulowa koleji.

Pobwerera ana onse anagona tisanatuluke mu Illinois. Aphunzitsi anatsegula kope lawo n'kuyamba kuwerenga mafunso amene tinaphonya, akuti ambiri ndi a nyimbo zachikale za ku Ulaya ndi nthano za Agiriki, ndipo afunsa kale abusa ngati chipinda chapansi chija chidzakhale chopanda anthu mu Seputembala. Mwana wanga akupita ku giredi 8, ndiye mwayi ulipo wina umodzi.

Aphunzitsi, magalasi anu owerengera anatsalira pa mpando wa vani, ali ndi ine. Makapu anayi aja nawonso ndawapeza m'chikwama cha mwana, akuti munati ayende nafe. Ndibwera nazo zonse Lachinayi ndikadzuka, pamodzi ndi ufa umene munakana uja, ndipo ulendo uno musandibwezere pakhomo.