Singano Yonama ya Corolla Yanga

Lachinayi, usiku.

Dzulo ndikuchokera ku Ntcheu, mdima utayamba kugwa cha ku Dedza, ndinayatsa nyali. Posakhalitsa singano ya geji ya kutentha inakwera mpaka kufupi ndi pofiira. Mtima unangoti phwii, chifukwa ndikudziwa ndalama zimene hedi gasiketi (chomatira mutu wa injini) imadya ikapsa ndi kutentha. Ndinaima m'mbali mwa M1 n'kutsegula boneti. Panalibe nthunzi, ndipo madzi m'kabotolo anali bwinobwino. Nditazimitsa nyali, singano inabwerera pakati. Ndinafika ku Lilongwe ndikuimaima.

Lero m'mawa ndinapita ku Biwi. Mnyamata wina asanagwire n'komwe galimoto anati, "Bwana, tingochotsa thermostat." Ndinakana. Kachipangizoko kamatseguka kuti madzi apite kukazizira akafika cha pa madigiri 82, ndipo ukakachotsa injini imachedwa kutentha n'kumamwa mafuta ambiri. Komanso thermostat ikugwirizana bwanji ndi nyali?

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi. Anamvetsera nkhani yonse osandidula, kenako anatulutsa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Anandionetsa kuti Corolla yakaleyi ili ndi masensa awiri oyeza kutentha: ya mawaya awiri yopita ku kompyuta, ndi ya waya umodzi yopita ku geji. Yoyambayo anaiyeza injini itazizira, inapereka ma ohm pafupifupi 2,400, kenako itatentha inatsikira cha pa 300. Inalibe vuto.

"Achimwene, yatsani nyali ndi fani ya m'kati," anatero, atagunditsa waya wina pa injini, wina pa bodi. Panapezeka kusiyana kopitirira theka la volti, pamene pamayenera kukhala pafupifupi ziro.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Sensa ya waya umodzi ija imadalira injini yeniyeniyo ngati eti yake, kutanthauza njira imene magetsi amabwererapo. Magetsi a nyali akamabwerera ku alternator, chopanga magetsi chomangidwa pa injini, amadutsa pa chingwe cha eti cholumikiza bodi ndi injini. Chingwecho chikachita dzimbiri, magetsi amavutika kudutsa, ndiye geji imawerenga kutentha kumene kulibe. Changa chinali chitabiriwira, bawuti yake ili yolekera.

Anachimasula, n'kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, anapaka girisi pang'ono n'kumanganso. Sindinagule sipeya ngakhale imodzi.

Madzulo ano ndayendetsa mpaka ku Lumbadzi nyali zili chiyakire, maso ali pa geji. Singano sinasunthe pakati paja. Mawa ndikayang'anitsanso galimoto ya mlongo wanga, imene akhala akuithira madzi tsiku lililonse chifukwa cha mantha omwewa.