Passo ya amayi a ku Chinamwali

Ntchito yanga ndi yolowa pansi pa magalimoto a anthu. Ndine makaniko pa yadi ina yogulitsira magalimoto kuno ku Zomba, m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre. Munthu akabwera ndi galimoto yake yakale kuti aisiye, atenge ina n'kuwonjezera ndalama, abwana satchula mtengo ine ndisanatuluke pansipo n'kupukuta m'manja. Ndatha zaka 11 pa ntchitoyi, koma sabata yapitayi ikundikhalabe pamtima.

Lolemba m'mawa kunabwera mnyamata woyendetsa Sienta ya pakati pa Zomba ndi Liwonde. Galimotoyo inali mbee, matayala atawapaka polishi, injini ataitsuka mpaka kunyezimira. Ine ndikaona injini yotsukidwa dzulo m'pamene ndimasuzumira kwambiri, chifukwa sopo amafufuta pamene oyilo amadontha, pomwe ndikufuna kuonapo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa dashibodi pankaoneka makilomita 98,000, koma labala wa popondera buleki anali atadyeka mpaka chitsulo kuonekera m'mbali, chiwongolero chili see ngati mpini wa khasu lakalekale. Nditatsegula chitseko cha dalaivala ndinapeza kapepala kamene magalaja a ku Japan amamata akasintha oyilo, kolembedwa ndi bolopeni kuti 141,000. Ndiye kuti galimotoyo isanakwere n'komwe sitima kubwera ku Dar es Salaam inali itapitirira kale manambala a pa dashibodiwo.

Ndinamuitana n'kumulozera. "Achimwene, kapepala aka munakaonapo?"

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Madala, ine ndinagula chonchi."

Ndinamukhulupirira. Wobweza manambala uja anali wina kumbuyoko, iyeyu anangolandira.

Tinakwera nayo msewu wa kuphiri wopita ku Ku Chawe. Amakaniko a ku Zomba tili ndi mwayi umenewu, phiri lathu silibisa matenda a galimoto. Sienta zoyambirira zija, zomwe Toyota anayamba kupanga mu 2003, zili ndi injini ya 1NZ ya 1500cc, yopirira kwabasi. Chofooka chake ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki, imene imafuna oyilo wakewake komanso sikondwa ndi katundu wopitirira muyeso. Galimoto ya anthu 7 ikamanyamula anthu 10 ndi matumba a chimanga tsiku ndi tsiku, giyabokosi ndi imene imalira. Pa kona yachitatu inayamba kunjenjemera ndi kung'ung'uza. Mnyamatayo anavomera kuti pa galaja ina anamuthirira oyilo wamba wa otomatiki poti ndi amene analipo. Mtengo umene tinamutchulira sunamusangalatse, koma ndinamulembera papepala chilichonse chimene tachotsera ndi chifukwa chake. Anapinda pepalalo, kuliika m'thumba, n'kunena kuti akaganize kaye.

Anthu ambiri amaganiza kuti mtengo timangoutchula kuchokera m'mutu. Masamu ake ndi awa. Timayamba ndi ndalama imene galimotoyo ingagulidwe ikakonzedwa n'kuimikidwa pa yadi. Pamenepo timachotsa zokonzetsa: matayala, mashoki, mabushi, penti, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ngati inatha. Timachotsanso ya miyezi imene idzakhale ikuwombedwa ndi dzuwa ndi mvula osapeza wogula, mlonda akulipidwa, lendi ikupita. Kenako phindu la abwana, poti iyi ndi bizinesi. Chotsalacho ndiye chanu. N'chifukwa chake mtengo wosinthanitsa umatsikirapo poyerekeza ndi kugulitsa nokha, ndipo pamenepo palibe kuba: mukugula mtendere woti musalimbane ndi madobadoba komanso anthu oyesa galimoto tsiku lonse alibe ndi tambala yomwe. Kuba kumayamba pamene mwini galimoto sakudziwa nambala yoyambirira ija, ife tikuidziwa, n'kukhala chete.

Lachiwiri linadutsa mwachangu. Nissan Note yooneka bwino, koma nditatukula kapeti ndinapeza dothi lofiira louma, njanji za mipando zili dzimbiri lokhalokha. Inamirapo m'madzi. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, galimoto iliyonse yochokera cha ku Blantyre, Mulanje kapena Phalombe ndimayamba ndanunkhiza kapeti. Madzi akalowa m'mawaya, vuto limadzatuluka pakapita miyezi, lero magetsi, mawa kompyuta ya injini. Imeneyo tinaikana.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko kunalowa Passo yotuwa ngati siliva, ikuyenda pang'onopang'ono. Anatsika amayi a zaka za m'ma 50, atavala chitenje cha chigwirizano cha kutchalitchi. Anati amakhala ku Chinamwali, amachita geni ya mpunga ndi matemba, amakapikula ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Passo inkawachepera, komanso msewu wa kumeneko unkaikhula kunsi. Ankafuna Probox imene inaima pakona ya yadi yathu.

Ndinalowa pansi. Kouma. Ndinayendetsa maginito m'zitseko, m'mabodi onse, chifukwa pamene anamatapo phala pobisa kugundidwa maginito sagwira. Anagwira ponseponse. Ndinatsegula pothirira oyilo, mkati mwake mwaukhondo, mopanda matope akuda aja. Injini yake ndi ya 1KR, ya mapisitoni atatu, 1000cc, ndipo ikaima imanjenjemera pang'ono mwachibadwa, ena amaiyesa yodwala. Iyi inkalira mmene iyenera kulirira. Zosowa zinali mashoki akutsogolo ndi matayala awiri, basi.

Ndikutseka boneti, amayiwo anatsegula kabokosi ka kutsogolo n'kutulutsa kope la ana asukulu, lachikuto chabuluu chopindika m'makona. "Bambo anu ankalemba umu," anatero. "Mwina lingakuthandizeni."

Amuna awo anali mphunzitsi cha ku Domasi. M'kopemo anajambula mizere ndi rula: tsiku, makilomita, chimene chachitika, ndalama. Oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse osaphonya. Batire, tsiku lakuti. Mapulagi, tsiku lakuti. Ngakhale babu la indiketa analilemba. Zilembo zake zoongoka, za munthu wozolowera choko. Pa tsamba lina zilembo zija zinalekeza, n'kuyamba zina zikuluzikulu zopendekeka, koma mizere ndi yomwe ija, makilomita 5,000 omwe aja. Sindinafunse. Amayiwo ananena okha kuti bambo anatisiya chaka chatha mu Juni.

Pa zaka zonsezi makope otere ndawaona osakwana asanu. Kwa makaniko kope lotere limaposa polishi wa dziko lonse, chifukwa manambala a m'kope ndi a pa dashibodi ankayenderana tsamba ndi tsamba.

Abwana anatuluka mu ofesi, kupereka moni, n'kufunsa funso limene amafunsa aliyense: "Nanga amayi, inuyo mumaganiza zingati?"

"Bambo anagula K3.5 miliyoni mu 2019. Ndiye poti yakalamba, olo mutandiwerengera K3 miliyoni. Alamu anga anandiuzanso kuti siingapose pamenepo."

Mtima wanga unagunda. Apa m'pamene anthu athu ambiri akuluzira. Kumayiko kumene ndalama yawo imakhazikika, galimoto ikamakalamba mtengo umatsika. Kuno zinthu zinatembenuka. Magalimoto timaitanitsa ndi madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Onjezanipo zoyendetsera kuchokera ku Dar es Salaam kudzalowera pa Songwe, ndi msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi chaka cha galimoto. Passo yonga imeneyi kuti ifike pa Zomba lero ndi ndalama ina kotheratu, choncho nayonso imene ili kale m'dziko muno inakwera nawo. Ndi kuvuta kwa mafuta kumeneku, timagalimoto tosamwa kwambiri sititha sabata ziwiri pa yadi. Amayiwo m'mutu mwawo munali mtengo wa 2019, pomwe Probox tinkawagulitsa pa mtengo wa lero.

Abwana anangoti, "Chabwino amayi, tiyeni tione." Ine ndinawapempha kuti tilankhule kaye mkati.

"Bwana, galimoto iyi tikaika mashoki ndi matayala ituluka pa K9 miliyoni, inunso mukudziwa."

"Iwe, mtengo atchula okha. Ine ndawakakamiza?"

"Simunawakakamize, bwana. Koma atchula posadziwa. Ine siginecha yanga pa pepala la K3 miliyoni sindiika."

Anakhala chete akusewera ndi makiyi. Abwana anga si munthu woipa. Ali ndi ngongole kubanki, ali ndi magalimoto awiri amene aima chiyambire chaka, ndipo ndalama yotere ikabwera yokha pakhomo munthu aliyense amayesedwa. Ndinawakumbutsa kuti Zomba ndi yaing'ono. Amayi amenewa tidzakumana nawo pamaliro, mumsika waukulu, kutchalitchi. Passo yawo idzaima pa yadi pano ndi mtengo wolembedwa pagalasi, ndipo tsiku lina adzadutsa pa minibasi n'kuuwerenga. Ndinanenanso kuti ngakhale akanakhala ochokera ku Chitipa, osadzabweranso, ine sindikanasaina.

Tinatuluka ndi K7 miliyoni. Abwana anaitchula okha, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Amayiwo anandiyang'ana, kuyang'ana abwana, n'kukhala pansi pa benchi. "Ana anga, mukunena zoona?" Kenako anayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati akanaipereka kale kwa alamu awo mwezi watha, chinawaletsa ndi chisoni chabe.

Komabe tsikulo sizinatheke. Mapepala onse a galimoto anali m'dzina la malemu. Ku Road Traffic, chiyambireni MalTIS, kaundula wa pakompyuta wa magalimoto, umwini susintha ndi kalata yolemberana pansi pa mtengo. Dzina limene lili mu kompyuta ndiye mwini, ndipo mwiniyo akamwalira pamafunika zikalata zosonyeza amene wapatsidwa mphamvu pa chuma cha masiye. Ndinawauza kuti ayambire ku ofesi ya DC, atenge chikalata cha imfa ndi cha ukwati, komanso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Ndinawachenjeza kuti asasiye galimoto kwa aliyense, ngakhale kwa ife, mapepala asanalongosoke. Ndaonapo anthu atasiya galimoto m'dzina lawo, wina n'kukagunda nayo munthu ku Thondwe, apolisi n'kubwera pakhomo pa amene anagulitsa kalekale.

Lachinayi kunabwera bambo wina wogwira ntchito m'boma ndi X-Trail, atakwiya asanatsike n'komwe. Anati pa yadi ina ku Limbe amuwerengera K14 miliyoni, ife bwanji tikuti K11 miliyoni? Ndinamufunsa kuti galimoto imene akufunayo kumeneko akuti zingati. Anati K30 miliyoni. Yathu, mtundu womwewo, chaka chomwecho, inali K26 miliyoni. Ndinatola chikatoni cha fyuluta n'kulemba: kumeneko muwonjezera K16 miliyoni, kuno K15 miliyoni. Anayang'ana chikatonicho kawiri. Njira imeneyi ndi yakale, amakukweza pa yakale kuti usangalale, n'kukubweza pa yatsopano. Ine ndimauza aliyense kuti ayambe wamva mtengo wa galimoto imene akufuna ngati kuti alipira ndalama yonse, asanatchule kuti ali ndi yosinthanitsa. Akatero afunse wa yakaleyo paokha, m'mayadi awiri kapena atatu, ku Blantyre ndi makilomita osakwana 70 okha. Bamboyo anapempha chikatonicho kuti akaonetse akazi awo.

Lachisanu ndinatha tsiku lonse ndi COF ya magalimoto awiri a pa yadi ndi kusaka mabushi a Probox ija. Ndinafuna kuti ikamatuluka ikhale yokonzeka msewu wa ku Kachulu, osati wa m'tauni.

Loweruka cha kumasana Passo ija inabweranso. Amayi anali ndi mwana wawo wamwamuna, wophunzira pa yunivesite pompano, amene anabwera ndi mitengo itatu ya Passo imene anaipeza pa Facebook ndi m'mayadi a ku Blantyre. Anandifunsa mafunso olimba: mashoki ndi zingati, n'chifukwa chiyani tikuchotsa ya miyezi yoima pomwe tanena tokha kuti timagalimoto totere sitichedwa. Funso limenelo linali loona, ndipo abwana anawonjezera K300,000. Za mapepala anati ku ofesi ya DC awauza zoyenera kubweretsa, zitenga masabata angapo. Tinagwirizana kuti Probox tiwasungira mwezi umodzi, ndipo tinalemberana, aliyense n'kutenga pepala lake.

Akunyamuka, amayiwo anatulutsanso kope lija. "Nanga ili, lidzapita ndi galimoto?"

Kunena zoona, kope limenelo likanatithandiza kugulitsa Passo msanga. Ndinawapempha kuti angolitsegula pa boneti. Mwana wawo ankatembenuza masamba, ine ndikujambula ndi foni, tsamba ndi tsamba, onse 23, kuyambira zilembo zoongoka zija mpaka zopendekeka. Titamaliza amayi analitseka, kulipukuta fumbi ndi dzanja, n'kuliika m'chikwama chawo, osati m'kabokosi ka galimoto.

"Probox ikabwera ndidzagula lina," anatero. "Mudzandijambulire mizere yake."

Analiza injini, kuyatsa indiketa, n'kudikira minibasi ziwiri zidutse asanalowe mumsewu wa ku Chinamwali.