Sesheni yachisanu ya D&D: Magic Missile yatikanganitsa

Loweruka lapitali tinakumananso kusewera Dungeons & Dragons, masewera oyerekeza nkhani patebulo ndi madayisi, kachisanu tsopano chiyambireni ndipo DM, woyendetsa masewerawo, ndikadali ine. Tikugwiritsabe buku la malamulo la 2014 lija, la 2024 tidikire kaye thumba lifufume.

Zamadayisi pano zayamba kulowa m'mutu. Advantage ndinkaiona ngati kanthu kochepa, kuponya ma d20 (madayisi a mbali 20) awiri n'kutenga nambala yaikulu basi, koma nditakhala pansi ndi kope ndinadabwa, ngati ukufuna 11 kapena kuposa mwayi umachoka pa theka kufika 75 pa 100. Ndasiya kumangoigawa ngati maswiti. Komanso olo ukhale ndi ma advantage atatu, disadvantage (kutenga nambala yaing'ono pa awiriwo) imodzi yokha imafafaniza zonse umaponya dayisi imodzi, anyamata anakanitsitsa mpaka ndinawatsegulira tsamba lake.

Koma phokoso lenileni linali pa concentration, kuika maganizo pa spell (matsenga) kuti isathe. Cleric (wansembe) wathu anali ataika Bless, spell yothandiza anzako yomwe imafuna concentration, pa anzake atatu, ine n'kutenga wizard wa adani kumuthira Magic Missile, spell ya mivi yamatsenga, mivi yonse itatu pa iyeyo, uliwonse damage yake 1d4+1 (dayisi imodzi ya mbali 4 kuphatikiza 1) ndipo siphonya. Lamulo limati ukavulazidwa uponye Constitution save (d20 yoona ngati upirira kuti spell isathe), DC (nambala yofunika kufikira) ndi 10 kapena theka la damage, chomwe chakula pa ziwirizo, ndipo chilichonse chomwe chakuvulaza chili ndi save yakeyake. Nde funso nali, mivi itatuyo ndi zinthu zitatu kapena chimodzi poti spell ndi imodzi komanso imafika nthawi imodzi? Mwini cleric anaima nji kuti save ndi imodzi, ine ndikuti aise mivi ndi itatu werenga wekha, tinalimbana mpaka tiyi kuzizira, mayi atamva mawu oti matsenga akungobwerezedwa anasuzumira pakhomo kuti kodi ana inu mukupanga chani muno.

Ndinagamula kuti ma save ndi atatu. Awiri anadutsa, pa wachitatu cleric anaponya 4, ka +2 kake sikanathandize, Bless inathera pompo ndipo nkhope inagwa.

Ndagona nazo ndaona kuti ndinaumitsa. Spell ya level 1 yosaphonya kumakakamiza munthu kuponya katatu, ndiye kuti aliyense wa concentration sangapume. Tagwirizana kuti patebulo pathu damage tiziphatikiza, save imodzi. Olo mivi yonse ipereke 5, ndi 15, theka lake silifika n'komwe pa 10, DC ikhalabe 10.

Loweruka likubwerali wizard wathu akufika level 5, wanena kale kuti akutenga spell ya Fireball, 8d6, kutanthauza madayisi asanu ndi atatu a mbali 6. Ma d6 ndili nawo anayi okha, enawo ndikasolola mu Ludo ya ana.