Madzi a pampopi ndi thanki yanga, mwezi wachinayi

Thanki yanga yowetera nsomba, ya malita 100, yakwanitsa miyezi inayi. Muli tinsomba ta mitundu itatu: ma guppy 8, ma neon tetra 9 ndi ma corydoras 4. Ma tetra analipo 10, ndipo zimene ndikulemba lero zikukhudza imodzi imene inafayo.

Chiyambire ndinkachita zimene oweta nsomba ambiri amauzana: kutunga madzi a pampopi m'ndowa, kuwasiya agone tsiku lathunthu, kenako n'kuthira m'thanki. Njirayi si yabodza ayi. Klorini amene amathiridwa m'madzi kuti aphe tizilombo ta matenda amauluka yekha madziwo akakhala osavundikira, makamaka ukaikamo kapampu ka mpweya. Kwa miyezi itatu zinkandiyendera bwinobwino.

Loweruka lina, masabata atatu apitawa, ndinasintha malita 30 monga mwa masiku onse. Ola lisanathe ma tetra onse anali pamwamba pa madzi, kukamwa yasa, akupuma mwawefuwefu. Ka corydoras kena kanangoti phee pambali pa mwala, zopumira zake za m'mbali mwa mutu zitafiira psu. Manja anayamba kundinjenjemera. Mwamwayi ndinali ndi kabotolo ka mankhwala ochotsa klorini kamene ndinagula kalekale koma osakatsegula. Ndinathira mlingo wa thanki yonse, n'kuwonjezera mpweya, ndipo pofika madzulo zinayamba kusambira. Tetra imodzi sinaone m'mawa. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa madziwo ndinathira ndi manja angawa.

Tsiku lotsatira ndinatunga ndowa ina, n'kuisiya maola 24, kenako ndinayeza ndi timapepala toonetsa zinthu ziwiri: klorini woyenda payekha ndi klorini yense. Kabokosi koyamba kanali mbee. Kachiwiri kanasintha mtundu. Apa m'pamene ndinadziwa kuti ndikulimbana ndi kloramini.

Kloramini ndi klorini wolumikizidwa ndi amoniya. Ena ogawa madzi amamukonda chifukwa amakhalitsa m'mapaipi aataliatali osatha mphamvu, ndipo kwa munthu wakumwa madziwo n'zabwino ndithu. Koma kukhalitsa komweko ndiko kumapha nsomba. Ndowa ingagone masiku angapo, iye amakhala alimobe. Amawononga zopumira za nsomba, amalowa mpaka m'magazi n'kulepheretsa magaziwo kunyamula mpweya wabwino, komanso amapha mabakiteriya othandiza a m'fyuluta (chosefera madzi) amene thanki yonse imadalira.

Pali kanthu kena kamene sindinkakadziwa. Mankhwala wamba a sodium thiosulfate amachotsadi klorini, koma akakumana ndi kloramini amangodula mgwirizano uja, amoniya n'kutsala m'madzi. Fyuluta yokhwima, yokhala ndi mabakiteriya okwanira, imatha kumusandutsa nitrite (nayenso ndi poizoni kwa nsomba), kenako nitrate amene saopsa kwambiri, koma pamafunika nthawi, ndipo amoniya amaluma kwambiri pH (muyeso wa asidi m'madzi; asidi akachepa nambala imakwera) ikakhala yokwera. Yanga ili pa 7.6. N'chifukwa chake ndasankha mankhwala otchedwa Seachem Prime, amene amachotsa klorini komanso, malinga ndi opanga ake, amamanga amoniya kwa tsiku limodzi kapena awiri mabakiteriya akugwira ntchito yawo. Mlingo wake ndi 5 ml pa malita 200, ndiye pa malita anga 30 ndi 0.75 ml basi. Ndimayeza ndi kasirinji, osati chitsekerero cha botolo. Amanunkha ngati dzira lowola, musadabwe, sanawonongeke. Ndipo mukayeza amoniya mutangothira, chida choyezera chikhoza kumuonetsabe ngakhale ali womangidwa. Ine ndinachita mantha ulendo woyamba.

Tsopano ndimachita motere. Ndili ndi ndowa ziwiri za nsomba zokha, sopo sazikhudza. Ndimatunga kumpopi wa madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amasungunula kwambiri zitsulo monga kopa m'mapaipi. Ndimathira mankhwala m'ndowa momwemo, kutakasa, n'kuikamo kahita mpaka afike 25°C ngati a m'thanki. Pothira ndimaika kambale pansi kuti madzi asafukule mchenga, ndipo ndimathira pang'onopang'ono. Amene mumadzaza ndi paipi molunjika m'thanki, mlingo wa mankhwala muziwerengera thanki yonse, osati madzi atsopano okha.

Siponji ya m'fyuluta ndimaitsuka m'madzi akale amene ndangochotsa m'thanki. Poyamba ndinaitsukapo kawiri pampopi, osadziwa kuti ndikupha antchito anga omwe.

Zoyeza za sabata ino: amoniya 0, nitrite 0, nitrate pafupifupi 20 mg/l. Ka corydoras kaja kayambiranso kufukula mchenga ndi tindevu take, ndipo dzulo m'mawa ndinaona tiana ta guppy tisanu titabisala m'mizu ya zomera zoyandama. Loweruka likubwerali ndisintha malita 20 okha chifukwa cha tianato, ndipo pakamwa pa paipi yopopera ndimangapo kansalu kopyapyala kuti tisakokedwe.