Maola a pa bilu, mikangano ya pa nkhomaliro

Ntchito yaikulu pa tebulo langa sabata ino inali bilu ya mlandu wa mayi wina wamasiye wa ku Ndirande. Amuna awo anagundidwa ndi lole akupalasa njinga, ndipo khothi linagamula kale kuti dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshulansi apereke chipukuta misozi. Chotsala chinali ndalama zoyendetsera mlandu, zomwe woluza amabwezera wopambana. Ife maloya timati party and party costs, ndipo sitimangotchula mtengo pakamwa. Timalemba ntchito iliyonse yomwe tinagwira ndi maola ake, kenako Rejisitala wa khothi amaunika mzere ndi mzere, a mbali inayo ali pomwepo kutsutsa. Ndine loya wosakwana zaka 10 pantchito, mu ofesi yaing'ono ku Blantyre, choncho ntchito yotere imagwera ine.

Lolemba ndinakhala pansi ndi fayilo pamodzi ndi buku lomwe ndimalembamo zomwe ndachita tsiku lililonse. Malamulo a 2018 anaika mtengo wa ola limodzi pa bilu yotere: K30,000 kwa loya wosakwana zaka 10, K40,000 kwa amene wakwanitsa zakazo, ndi K60,000 kwa Senior Counsel, loya wamkulu wopatsidwa ulemu wapadera. Nthawi imeneyo ndalamayi inali ndi mphamvu. Kenako kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi, mafuta ndi mapepala zikungokwera. Chizolowezi chomwe chimandiwawa mtima chinakulira pamenepa. Poti loya sangakweze yekha mtengo wa ola, ena amangokulitsa maolawo. Kalata ya ndime ziwiri imalembedwa kuti inadya ola lathunthu. Chigamulo chakale chomwe aliyense wa milandu ya ngozi amachidziwa pamtima chimalembedwa kuti chinawerengedwa maola atatu, ndipo pa fayilo yotsatira chiwerengedwanso maola atatu. Munthu akapita ku khothi ndi mafayilo anayi m'mawa umodzi, ulendo womwewo umaoneka wathunthu pa mabilu onse anayi.

Madzulo ndinakapereka bilu kwa bwana wathu. Anaiyang'ana mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"Counsel, maola awa achepa. Rejisitala adula ndithu, kaya mwalemba zoona kaya ayi. Mukayambira pansi chonchi mutsala ndi chiyani?"

Kwa iwo bilu ili ngati mtengo wa kaunjika mumsika wa Limbe: wogulitsa amayambira pamwamba podziwa kuti wogula anenerera. Ndinawayankha kuti, "Bwana, Lachinayi pounika biluyi ndikaima ndine pamaso pa Rejisitala, ndipo ola lililonse ndikufuna ndikathe kuloza pepala lake m'fayilo." Sindiwaona ngati munthu wadyera. Ndi iwo amene amasowa tulo pa 25 malipiro a antchito asanapezeke. Anandikumbutsa kuti milandu ya ngozi timaiyamba ndi ndalama zathu chifukwa makasitomala alibe, kuti tikaluza palibe amatibwezera, komanso kuti lamulo la maloya la 2018 limafuna aliyense agwireko ntchito yaulere asanapatsidwenso laisensi. Zonsezi n'zoona. Koma ngati mtengo wa ola wachepa, ndewu yake tikamenyere ku bungwe la maloya la Malawi Law Society kuti ukwezedwe poyera. Ola lomwe silinagwiridwe ndi bodza lomwe loya wasainira dzina lake pansi. Anandibwezera bilu osawonjezera kanthu, n'kungoti tidzaona Lachinayi.

Lachiwiri pa nkhomaliro panabuka mkangano womwe unatenga sabata yonse. Timadyera kukhonde la kuseri, ndipo zipani zonse zilipo. Kalaliki wathu ndi wa MCP wosabisa, tambala wakuda ali pa chikwama cha foni yake. Mayi owerengera ndalama ndi a DPP. Mesenjala wathu, bambo achikulire omwe tonse timawaitana kuti Madala, akadali ndi nsalu yachikasu ya UDF ya nthawi ya a Bakili Muluzi. Anayambitsa ndi mtsikana wophunzira zamalamulo amene ali nafe patchuthi. Anati n'zamanyazi kuti kwa zaka zambiri lamulo lathu linkalola kuchotsa mimba pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe, ngakhale mwana wa zaka 13 wagwiriridwa. Kalaliki anaika supuni pansi n'kunena kuti zimenezo n'za a DPP, ndiwo anafuna kulowetsa lamulo lopha ana. Mayi owerengera ndalama anayankha mokweza kuti boma la MCP ndi lomwe linkagwadira azungu opereka thandizo. Posakhalitsa za mwana wogwiriridwa uja zinaiwalika, anthu ali pa chimanga, mafuta ndi za amene anaba kwambiri.

Ndinalowererapo chifukwa mbiri yake ndimaidziwa, ndipo sigwirizana ndi aliyense wa iwo. Ganizo losintha lamulo la kuchotsa mimba linachokera ku Law Commission, bungwe lounika malamulo a dziko, osati ku chipani. Mu Disembala 2016 mipingo inayenda m'misewu kulikana, DPP ikulamula. Mu Malichi 2021, MCP ndi anzake a Tonse ali m'boma, a Matthews Ngwale, omwe ankatsogolera komiti ya zaumoyo, anapempha kuti aloledwe kulibweretsa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu anakana ngakhale kulikambirana. Nkhani ya kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha ilinso chimodzimodzi. A Bingu wa Mutharika, omwe ankadzudzula mchitidwewu poyera, ndi omwe anakhululukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga mu Meyi 2010, atangogamulidwa zaka 14, a Ban Ki-moon, omwe anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, atabwera kuno. A Joyce Banda ananena mu 2012 kuti malamulowa achotsedwa, koma sanachotsedwe. Mu Juni 2024 majaji atatu anagamula kuti ndime za Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, zoletsa mchitidwewu sizikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, n'kusiya nkhaniyo m'manja mwa aphungu. Nanga chilango cha imfa? Chikadali m'mabuku, koma palibe wanyongedwa kuchokera mu 1992, ndipo apulezidenti a UDF, DPP, PP ndi MCP onse sanasainire kuti munthu aphedwe.

Madala anagwedeza mutu n'kuti, "Mayi, ndiye kuti tikukangana chabe?"

Sichabe ayi, nkhanizo n'zazikulu. Koma kuno kwathu chipani sichikuuza zomwe munthu amakhulupirira pa nkhani ngati izi. Chimakuuza kwawo, mtundu wake nthawi zina, ndi mtsogoleri amene amamukonda. Maganizo pa za mimba kapena za ukwati munthu amawatenga kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa makolo. Kalaliki ndi mayi owerengera ndalama, omwe ankalozana zala, atafunsidwa aliyense payekha anapezeka kuti onse amakana kusintha lamulolo, pa chifukwa chimodzi chomwecho cha chikhulupiriro. Zipani zathu ngakhale aphungu ake sizimawagwira. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko linalembedwa kuti phungu wosamukira chipani china ataye mpando, koma tinaona mu 2005 a Bingu atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, tinaonanso mu 2012 atamwalira, aphungu akukhamukira ku PP masabata ochepa okha. Ine ndimapemphera, ndipo nkhani ya kuchotsa mimba siyopepuka mumtima mwanga. Koma ndinagwirapo mafayilo a ana ogwiriridwa ndi achibale awo, ndipo ndimaona kuti aphungu analakwa kukana kukambirana. Akanamva madokotala, azamba ndi atsogoleri a mipingo, kenako n'kuvota aliyense dzina lake likudziwika.

Lachitatu za zipani zinalowa mu ofesi mwenimweni. Kunabwera bambo wina wabizinesi amene anapereka katundu ku nthambi ina ya boma koma sanalipidwe. Ndisanatsegule n'komwe mapepala awo anandifunsa motsitsa mawu, "Pepani a loya, ofesi ino ndi ya mbali iti?" Ankafuna loya wa chipani cholamula, poganiza kuti ndiye angakankhe cheke kuti chituluke, ndipo anali okonzeka kulipira mowirikiza. Ndinawauza kuti mu ofesi muno aliyense amavota kwake, kuti chomwe ndingawalonjeze n'kulemba kalata yochenjeza, kudikira nthawi yomwe lamulo limafuna tisanasumire boma, kenako kukasuma. Ananyamula mapepala awo mwaulemu n'kunena kuti akaganiza kaye.

Sindiwaweruza. Anthu anaona okha momwe ndale ndi ndalama za maloya zimayendera limodzi. Mlandu wa chisankho cha 2019 unatipatsa ulemu dziko lonse lapansi pomwe khothi linafafaniza zotsatira pa 3 Febuluwale 2020, koma unasiyanso mabilu a mabiliyoni a kwacha omwe anakathera pa wokhoma msonkho. Bungwe la MEC linagwirizana ndi maloya a ku South Africa pa mtengo wa madola 788,500 kuti akaliimire pa apilo, ndipo mkulu wa majaji pa nthawiyo, a Andrew Nyirenda, anakana kuwalola kuima m'khothi lathu. Chomwe ndinaona nthawi imeneyo n'chakuti aliyense ankakwiya ndi bilu ya maloya a mbali inayo, n'kumaikira kumbuyo ya mbali yake. Ochepa okha ndi omwe ankafunsa funso lomwe Rejisitala amafunsa: ntchitoyi inagwiridwadi, ndipo inafunikadi maola onsewa?

Lachinayi m'mawa ndinali ku High Court ku Chichiri. Kuunika bilu sikuchitikira m'chipinda chachikulu chozengera milandu. Mumakhala mu ofesi, Rejisitala kutsogolo, inu ndi mnzanu wa mbali inayo moyandikana, fayilo pakati. Loya wa inshulansi anabwera atalemba kale zotsutsa pafupifupi mzere uliwonse, monga amachitira ndi bilu iliyonse. Pa maola okonzekera mboni ndinaonetsa zomwe ndinalemba pokambirana ndi mayi aja komanso mnyamata wa kabaza amene anaona ngoziyo. Pa ulendo wokatenga lipoti la apolisi ndi chikalata cha imfa ndinaonetsa malisiti. Tinalimbana kwambiri pa nthawi yodikira pa khothi tsiku lomwe mlandu unaimitsidwa chifukwa mboni ya mbali yawo sinabwere. Iwo ankati kudikira si ntchito. Ine ndinati tsikulo linatayika chifukwa cha iwo, ndipo sindikanatha kugwira ntchito ina ndili pabenchi ndi kasitomala. Rejisitala anavomera gawo la nthawiyo, anadula pang'ono pa kuwerenga zigamulo zakale, zina zonse anazisiya momwe zinalili. Tikutuluka, mnzanga uja anandiuza kuti akanadziwa kuti bilu ili chonchi tikanangogwirizana pa foni. Bwana nditawauza anangoti, "Mwachita bwino, Counsel," koma anawonjezera kuti ofesi singayendere bilu imodzi.

Lachisanu kunabwera mayi amasiye aja ndi mchimwene wawo. Gawo limeneli ndi lomwe ndimaliona lofunika kuposa onse, chifukwa madandaulo ambiri omwe anthu amakhala nawo pa maloya amayambira pano. Munthu amamva kuti khothi lagamula mamiliyoni akutiakuti, kenako amalandira ndalama yochepa popanda pepala lofotokoza komwe ina yapita. Ena amadulidwa kawiri: loya walandira kale ndalama zoyendetsera mlandu kuchokera kwa oluza, n'kudulanso ntchito yomweyo pa chipukuta misozi. Wamasiye amene sanalowepo mu ofesi ya loya sadziwa kuti ali ndi ufulu wopempha bilu yolembedwa mzere ndi mzere, kapena kuti angathe kukadandaula ku Malawi Law Society. Amangothokoza n'kumapita.

Ndinawalembera pepala m'Chichewa n'kuwawerengera pang'onopang'ono. Pamwamba ndalama yomwe khothi linagamula. Pansi pake gawo lomwe inshulansi ipereke, chifukwa inshulansi ili ndi malire ake ndipo yotsalayo tiyenera kukaitsata kwa mwini lole. Kenako ndalama zoyendetsera mlandu zomwe zinagamulidwa dzulo lake, ndi kufotokoza kuti zimenezi salipira ndi iwo. Pomaliza zomwe tinagwirizana poyamba kuti ofesi idzatenga, ndi msonkho wa VAT. Mchimwene wawo anafunsa mafunso ambiri, ena okhala ngati akutikayikira, ndipo ndinasangalala nawo chifukwa ndi momwe ziyenera kukhalira. Mayiwo anafunsa limodzi lokha.

"Mwanangu, ya fizi ya ana ifika sukulu zisanatsegulidwe?"

Ndinawauza zoona, kuti kalata yopempha malipiro yapita kale ku inshulansi, kuti makampaniwa amachedwa, ndipo akapitirira nthawi tidzabwerera ku khothi kukapempha chilolezo cholanda katundu. Sindinawalonjeze tsiku.

Atapita ndinalowa kwa bwana ndi pempho lakuti kasitomala aliyense wa mlandu wa ngozi azilandira pepala ngati lomweli, m'chinenero chomwe amamva, poyamba pa mlandu komanso ndalama zikabwera. Anati pa milandu yatsopano palibe vuto, koma mafayilo akale ndi ambiri ndipo alibe munthu woti awapitenso. Tinagwirizana kuti ndiyambe ndi omwe ndalama zake zikuyembekezeka mwezi uno. Mtsikana wophunzira uja wavomera kundithandiza Lolemba, ndipo kalaliki wati amasulira pepalalo m'Chiyao chifukwa makasitomala athu ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga amamasuka m'chinenero chimenecho.